Mafinya obiriwira aja ndinawadziwira dzina ku Brussels

Abale anga a ku Tsangano, a ku Vila Ulongwe, a ku Domwe, ndi nonse amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za mwendo wanga, lero ndati ndifotokoze zonse pamodzi, m'malo momangoyankha kuti "ndikupezako bwino" monga ndakhala ndikuchitira miyezi yonseyi. Mwendo ulipo, sanadule. Ndikuyenda, kungoti pamasitepe ndimatsika mosamala, ndipo ndimavala sokosi yothina usana ndi usiku kuti chipsera chisatukumuke. Koma pali zina zimene sindinauze ngakhale Amayi, ndipo n'zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Ambiri mukudziwa kuti nditachoka ku Lisboa ndinapeza ntchito kuno ku Belgium yokazinga chipisi. Kachewere yemwe uja tinkakumba kumunda kwa Agogo n'kumukwezera pachapa kuti akagulitsidwe ku Tete, kuno ndi chakudya chimene dziko lonse limanyadira. Usiku wina titatseka, ndinkakhuthula mafuta m'chiwaya chachikulu asanazizire bwino. Pansi panali poterera. Mafuta anandikhuthukira mwendo wamanja kuyambira pabondo mpaka kuphazi, ena n'kulowa m'nsapato.

Mnzanga wa ku Congo amene tinali naye usiku umenewo ndi amene anayamba kupulumutsa mwendowu. Anandivula nsapato, n'kundikokera pampopi, n'kutsegula madzi ozizira. Ine ndikulira ndinkamuuza kuti abweretse dzira kapena mankhwala otsukira mano, monga timachitira kwathu. Anakana kwamtuwagalu. Anagwira mwendo pansi pa madzi oyenda mpaka ambulansi inafika, ndipo adokotala anadzandiuza kuti mphindi 20 zamadzizo zinaletsa moto kupitiriza kudya mnofu wam'kati.

Kuchipatala anachotsa khungu lakufa, anasenda khungu lopyapyala pantchafu yamanzere, analibowolabowola kukhala ngati ukonde, n'kuliyala pachilondapo. Anati likagwira, pakatha masabata angapo ndidzatuluka.

Silinagwire. Tsiku lina m'mawa namwino akumasula bandeji, ndinamva fungo ndisanaone n'komwe chilondacho. Silinali fungo la nyama yoola. Linali lotsekemerera, ngati mapichesi amene agwa pansi n'kuvunda pamvula. Nditadzutsa mutu ndinaona thonje lonse labiriwira, kubiriwira kopita kumtambo, ngati ndere za padambo. Thupi langa lonse linazizira. Namwino anaganiza kuti ndi ululu, koma sunali ululu. Fungo limenelo ndinali nditalimvapo kale, ndipo mtundu umenewo ndinali nditauonapo kale.

Inu akumudzi mukumukumbukira mwana wa mlongo wanga, woyamba uja. Anali ndi zaka zinayi. Unali mwezi wa Julayi, kuzizira kwa kwathu kuja koti m'mawa udzu umayera, ana onse atazungulira mafuwa kuwotha moto. M'phika wa phala unapendekeka n'kumukhuthukira pamimba ndi pantchafu. Tinachita zonse zimene tinkadziwa. Tinapaka dzira. Tinagula makapisozi amitundu iwiri aja pamsika, amene timangoti duas cores, n'kumawatsegula ndi kuwaza ufa wake pachilonda. Patapita masiku atatu tinamutenga panjinga kupita kuchipatala chaching'ono, iwo n'kutitumiza kuchachikulu. Anamwino kumeneko anagwira ntchito ndi mtima wonse, sindingawanene. Anatsuka, anamanga, anabaya jakisoni, uyu akakanika n'kuyesa wina. Koma bandeji inayamba kubiriwira, fungo la mapichesi ovunda linadzaza m'chipinda, mwana anatentha thupi, anasiya kudya, ndipo m'sabata yachitatu anatisiya. Pamaliro ena ankati moto unalowa m'kati. Ena ankanong'ona kuti pali munthu amene sanadzisunge n'kukagwira chilondacho. Mlongo wanga wakhala akusenza manong'onong'o amenewo zaka zonsezi.

Ndiye ine ndili gone pabedi ku Brussels, ndinadziwa kuti chimene chinatenga mwana uja chandipeza.

Kusiyana kwake kunayambira pa kanthu kakang'ono. Anatenga kamtengo kathonje, anapukuta nako mafinya, n'kukatumiza ku labotale. Patapita masiku awiri dokotala anabwera ndi pepala. Pamwamba panali dzina: Pseudomonas aeruginosa. Ndi bakiteriya amene amakonda malo achinyezi, m'masinki, m'mapaipi, m'dothi lonyowa. Munthu wakhungu lathunthu kawirikawiri samupanga kanthu, koma khungu likapsa chitseko chimakhala chatseguka. Ndi iyeyo amene amatulutsa utoto wobiriwirawo ndi fungolo. M'munsi mwa dzinalo munali mndandanda wa maantibayotiki, ndipo pambali pa lililonse panali chilembo. R, R, R, R, mpaka kutsika. R akutanthauza kuti bakiteriyayo samva mankhwalawo. Amene anali ndi mphamvu yokwanira anali colistin, mankhwala akale amene madokotala amasunga kuti akhale omaliza chifukwa amapweteka impso. Anandipatsa m'diripi, ndipo patangopita masiku ochepa magazi anayamba kuonetsa kuti impso zikuvutika. Khungu loyala lija linali litasungunuka. Dokotala sanandibisire kuti bakiteriyayo akalowa m'magazi nkhani idzakhala ya moyo, osati ya mwendo wokha.

Apa m'pamene anatchula mawu amene ndinali ndisanawamvepo: bacteriophage. Iwo amangofupikitsa kuti phage, ine ndimati faji. Chifalansa changa n'chakukhitchini, choncho anaitana namwino wina wa ku Portugal kuti andimasulire. Mayiyo atangoti "é um vírus", ndinakana. Ife amene tinaika abale athu m'manda chifukwa cha Edzi, amene tinaona Covid, mawu oti vairasi satilowa bwino m'khutu. Ndinafunsa kuti amawatenga kuti. Anati nthawi zambiri m'madzi oipa ochokera m'zimbudzi ndi m'ngalande za m'mizinda. Ndinatembenukira kukhoma, tsiku limenelo sindinayankhulenso.

M'mawa mwake namwino uja anabwera yekha ntchito yake isanayambe, anakhala pampando, n'kuti ndifunse chilichonse. Safunsa anadya phula, choncho ndinafunsa mpaka mafunso anatha. Zimene ndinamva ndikuuzani m'mawu akwathu.

Chitopa chikalowa m'mudzi chimatha nkhuku, koma mbuzi zimangodya udzu osadziwa kanthu. Matenda ali ndi mwini wake. Faji naye ndi vairasi amene mwini wake ndi bakiteriya basi. Sangaswane m'maselo a munthu, chifukwa pakhomo pamene amagwira pali pa bakiteriya pokha. Ndipo si bakiteriya aliyense. Faji wa Pseudomonas sakhudza bakiteriya wina wotchedwa Staphylococcus, ndipo ngakhale pakati pa a Pseudomonas okhaokha amasankha, uyu amugwira, uyo amudutsa. Akapeza wake amamatirira kunja, amalowetsa mbewu yake m'kati, n'kusandutsa bakiteriyayo kukhala nyumba yoswerana. Mukudziwa mmene nankafumbwe amachitira ndi njere ya chimanga m'nkhokwe: kunja njere ikuoneka yabwino, m'kati muli kale ana. Pakapita kanthawi kochepa bakiteriya amaphulika, mafaji atsopano makumimakumi amatuluka n'kukasaka ena. Bakiteriya akatha, nawonso mafaji amasowa poswerana, thupi n'kuwachotsa. Amawapeza m'madzi oipa chifukwa kumene kuli mabakiteriya ambiri n'kumenenso kuli adani awo. Koma chimene chimafika pachilonda si madzi a m'ngalande ayi. Faji amamupatula yekha, amamuweta mu labotale, amamusefa ndi kumuyeretsa kuti pasatsale poizoni wa mabakiteriya amene anakuliramo.

Ndinavomera tsiku lachitatu, ndinasaina mapepala.

Anatumiza bakiteriya wa pachilonda changa ku labotale ya chipatala cha asilikali cha Queen Astrid, ku Neder-over-Heembeek kumpoto kwa Brussels. Chipatala chimenecho chili ndi mbali yaikulu yosamalira anthu opsa, ndipo akatswiri ake akhala akuweta mafaji kwa zaka zambiri. Kumeneko anamera bakiteriya wanga m'kambale mpaka anayala ponseponse ngati nkhungu, n'kudonthezapo mafaji osiyanasiyana, aliyense pamalo pake. Dokotala anandionetsa chithunzi chake pafoni. Malo ena nkhungu inali chikhalire, kusonyeza kuti faji wa pamenepo walephera. Koma malo awiri panali mabowo oyera, ozungulira bwino, ngati nsalu imene yadyedwa ndi njenjete. Anandilozera ndi chala n'kuti, awa ndi anu. Chithunzicho ndinawapempha, ndili nacho mpaka lero.

Mankhwalawo atafika ndinadabwa kuti ndi madzi chabe. Oyera mbee, opanda fungo, m'kabotolo kosungidwa m'firiji. Ankatsuka chilonda, n'kunyowetsa thonje ndi madziwo, n'kuyala, n'kumanga. Mankhwala ena otsukira zilonda anayamba awasiya, poti amapha mafaji. Diripi ya antibayotiki sanaichotse, anangosintha mtundu. Tsiku loyamba panalibe kusintha. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo usiku umenewo ndinapemphera ngati munthu amene akutsanzika. Cha m'ma tsiku lachinayi ndinazindikira kuti bandeji ikutsegulidwa koma sindikutembenuza nkhope. Fungo linali litachepa. Kubiriwira kunayamba kufwifwa, pansi pa chilonda panayamba kuoneka mnofu wofiira wonyezimira. Anapukutanso ndi kamtengo kathonje kangapo, ndipo atakhutira ananditengeranso ku opaleshoni. Khungu lachiwiri linagwira.

Pano ndikupempheni mumve bwino, chifukwa ndikudziwa mmene nkhani zimakulira zikamayenda pakamwa. Nditamuthokoza dokotala kuti mafaji andichiritsa, anapukusa mutu. Anati chimene chachiritsa ndi zinthu zonse pamodzi: mpeni umene unachotsa mnofu wakufa, antibayotiki, mafaji, ndi chakudya chimene ankandikakamiza kudya. Zoonadi, munthu wopsa thupi lake limafuna chakudya chomanga thupi chambiri kuposa munthu wolima tsiku lonse. Mazira amene kwathu timapaka pachilonda, kuno ankandidyetsa m'mawa uliwonse.

Nditatuluka ndinakhala miyezi osagwira ntchito, ndipo nthawi imeneyo ndinaithera kuwerenga za nkhaniyi. Ndinapeza kuti si zatsopano n'komwe. Mngelezi wina, Frederick Twort, anaona zizindikiro za mafaji mu 1915, ndipo mu 1917 Félix d'Hérelle, akugwira ntchito ku Institut Pasteur ku Paris, anawafotokoza n'kuwapatsa dzina limeneli, lotanthauza wodya mabakiteriya. Mu 1923 George Eliava anakhazikitsa malo ofufuzira za mafaji ku Tbilisi m'dziko la Georgia, ndipo malowo alipo mpaka lero. Penicillin atafala m'zaka za m'ma 1940, maiko a azungu akumadzulo anawataya mafaji, poti antibayotiki anali wosavuta: mtundu umodzi unkapha mabakiteriya ambirimbiri popanda kufunsa dzina. Amene anapitiriza kwambiri ndi a ku Georgia, ku Russia ndi ku Poland. Tsopano maantibayotiki ayamba kugonja, ndipo kafukufuku wamkulu wa padziko lonse anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, vutoli litakula kwambiri kwathu kum'mwera kwa Sahara. N'chifukwa chake abwereranso kukatola chimene anataya.

Koma umboni wake sunafike poti munthu angaimbire ng'oma. Kafukufuku wotchedwa PhagoBurn, amene anayesa mafaji pa zilonda zamoto zogwidwa ndi Pseudomonas yemweyu ku France ndi ku Belgium, anaimitsidwa mu 2017 atalemba odwala 27 okha. Amene analandira mafaji, mabakiteriya ankachepa pang'onopang'ono kusiyana ndi amene anapakidwa mafuta a silver sulfadiazine, oyera aja amene mwina munawaonapo m'zipatala zathu. Atafufuza anapeza kuti mafaji ambiri anali atafooka m'mabotolo asanafike kwa odwala, choncho mlingo umene unkafika pachilonda unali wochepetsetsa. Komanso onse ankapatsidwa msakanizo umodzimodzi, pamene mabakiteriya a odwala ena sankaumva. Belgium inatsata njira ina. Kuyambira 2018 malamulo akuno amalola kuti dokotala alembe mafaji a wodwala mmodzi payekha, wosakaniza mankhwala wa pachipatala n'kumukonzera, mafajiwo atayesedwa kaye ukhondo wake ndi bungwe la boma la Sciensano. Mu 2024 gulu la ku Queen Astrid linafalitsa zotsatira za odwala 100 amene anathandizidwa motere m'maiko 12, ambiri a iwo zonse zitakanika. Pa matenda 100 alionse, pafupifupi 77 anayamba kupepuka, ndipo pa 61 bakiteriya anatheratu. Anaonanso kuti pamene mafaji anaperekedwa popanda antibayotiki, mwayi wothetsa bakiteriya unatsika kwambiri, ndiponso kuti mabakiteriya ena amaphunzira kuzemba mafaji monga amazembera mankhwala. Anthu 100 si ambiri, ndipo matenda awo anali osiyanasiyana, osati amoto okhaokha. Ine ndili m'gulu la amene zinawayendera. Alipo amene sizinawayendere.

Choncho munthu akadzabwera pamsika wa ku Ulongwe kapena pamalire a Zóbuè ndi kabotolo ka madzi n'kumati awa ndi mafaji ochokera ku Ulaya, musagule. Faji wosayesedwa pa bakiteriya wa wodwalayo ali ngati kiyi wa nyumba ya eni. Ndipo chonde, pasapezeke wina womva kuti mankhwala ali m'ngalande n'kukatunga madzi oipa kuthira pachilonda. Kumeneko n'kuitana imfa ndi manja awiri.

Chimene chimandisowetsa tulo si mafaji kwenikweni. Ndi kamtengo kathonje kaja, ndi pepala la ma R lija. Popanda zimenezo, ngakhale mafaji akanadzaza chipinda, palibe akanadziwa woti asankhe. Mwana wa mlongo wanga anabayidwa majakisoni mongoyesa, chifukwa panalibe wouza anamwino dzina la mdani amene ankalimbana naye. Ndipo ufa wa makapisozi umene ine ndi manja angawa ndinawaza pachilonda chake sukanamupha Pseudomonas, poti amoxicillin wa m'makapisoziwo samugwira n'komwe. Tikamamwa makapisozi awiri lero, atatu mawa, n'kusiya tikamva bwino, kapena kuwathira m'madzi a nkhuku, timapha mabakiteriya ofooka n'kusiya olimba kuti aswane. Tikuweta tokha chilombo chimene chidzatidye tsiku limene tidzagone m'chipatala.

Ndimakumbukiranso Caphiridzange. Pa 17 Novembala 2016 thanki ya petulo inaphulika kumeneko m'boma la Moatize anthu akutunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 anafa, dziko lonse n'kukhala m'masiku atatu a maliro. Chiwerengerocho chinkakwera masiku otsatira, chifukwa munthu wopsa kwambiri amene wapulumuka tsiku loyamba amakhala kuti nkhondo yake yangoyamba, ndipo mdani wamkulu pankhondo imeneyo ndi mabakiteriya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati moto ndi zinthu zotentha zimapha anthu pafupifupi 180,000 pachaka, ochuluka zedi m'maiko osauka. Kwathu safuna thanki kuti atipeze. M'phika wa phala ndi wokwanira, mbaula yosiyidwa m'nyumba usiku wa Juni, koloboyi pafupi ndi neti, kapena m'bale wathu wa khunyu amene timamusiya yekha pamoto.

Zimene zili m'manja mwathu lero ndi zimene mnzanga wa ku Congo anachita. Madzi ozizira aukhondo, kuthira mosalekeza kwa mphindi 20, koma mwanayo mum'funditse mbali zina kuti asazizidwe. Kuvula mphete ndi zibangili chiwalo chisanatupe. Kuphimba ndi kapulana yochapa bwino, osapaka dzira, mafuta, phulusa, mchere kapena ufa wa kapisozi, osaboola matuza. Kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osati lachitatu monga tinachitira ife. Ndipo mukaona bandeji ikubiriwira, musachite manyazi kufunsa adokotala mwaulemu ngati mafinyawo angathe kutumizidwa ku labotale kuti akaone mankhwala amene angagwire. Osamalira wodwala, sambani m'manja ndi sopo musanam'khudze ndiponso mukam'khudza, chifukwa mabakiteriya amenewa amayenda pamanja kuchoka bedi ili kupita bedi ilo.

Inu achinyamata amene mukuphunzira zaumoyo ku yunivesite ya UniZambeze ku Tete, ndi inu a zaulimi ku Ulongwe, mafaji sali ku Ulaya kokha. Ali m'madzi a Revúbuè, ali mu Zambezi, ali m'ngalande za ku Moatize, ndipo amene ali kumeneko akhala akulimbana ndi mabakiteriya akwathu kuyambira kalekale. Kuwapeza kumafuna kambale, sefa ndi munthu wodekha. Chovuta ndi kuwayeretsa kuti afike poyenera kuikidwa pathupi la munthu, ndi malamulo oyang'anira ntchitoyo. Ndikanakhala ndi zaka zanu ndi sukulu yanu, ndikanakafunsa aphunzitsi anga za zimenezi mawa lomwe.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuimbira mlongo wanga. Ndinamufotokozera za fungo, za kubiriwira, za pepala. Ndinati, Achemwali, sindingalumbire popeza mwana uja sanayezedwe, koma zimene ndinaona pamwendo wanga n'zimene tinaona pa iye, ndipo madokotala akuno ali ndi dzina lake. Palibe munthu amene anamulodza, palibe amene sanadzisunge. Anakhala chete nthawi yaitali, ndinkangomva tambala akulira kumbuyo kwake. Kenako anati, Achimwene, tanenaninso dzinalo. Ndinanena. Anati dikirani ndipeze cholembera. Ndinamva akutsegula sutikesi ija ya pansi pa bedi, mmene amasungamo khadi la kusikelo la mwanayo, ndipo ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi, iye akulemba kuseri kwa khadilo.